Woimbira akalakwira ana pabwalo: zoti achite mphunzitsi, kaputeni ndi makolo

Mpira wa ana m'madera athu muno mu Lilongwe umaseweredwa pamabwalo opanda mpanda. Kaya ndi ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25 kapena kwa Mtandire, ochemerera amaima pamzere penipeni, ndipo woimbira nthawi zambiri amakhala yekhayekha, wopanda omuthandiza ophunzitsidwa, wopanda wapolisi pafupi. Akalakwitsa, kapena akachita zoipa mwadala, oyamba kumuthamangira ndi ana a zaka 13 kapena 15. Ndi ana omwewo amene amatuluka m'bwalo ndi khadi yofiira, mwinanso ndi bala. Malangizo awa ndalembera inu aphunzitsi a matimu, oyang'anira matimu ndi makolo, chifukwa kudandaula za woimbira ndi ntchito ya munthu wamkulu. Mwana wabwera kudzasewera.

1. Muyambe mwadziwa chimene woimbira walakwa

Pabwalo chilichonse timangochitcha kukondera, koma zolakwa za woimbira zili m'magulu atatu ndipo gulu lililonse lili ndi njira yake.

Loyamba ndi kusaona bwino. Mpira wagunda pachifuwa iye n'kuona ngati dzanja, kapena mwana wakwatulidwa mwendo iye ali kumbuyo kwa fumbi. Malamulo a mpira alipo 17, amawalemba ndi bungwe la IFAB, ndipo Lamulo 5 likunena kuti chigamulo cha woimbira pa zimene zachitika m'bwalo n'chomaliza, kuphatikizapo ngati chigoli chalowa kapena ayi. Akhoza kusintha yekha akazindikira kuti walakwa, koma pokhapokha masewero asanayambirenso. Mpira ukangogubuduka basi, nkhani yatha. Pa cholakwa cha mtundu uwu musayembekeze kuti komiti yoyendetsa mpikisano idzakubwezerani chigoli. Ngakhale pamlingo waukulu zimavuta: mu Januwale 2022, pa mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon, Janny Sikazwe wa ku Zambia analiza wezulo yomaliza nthawi isanakwane, kawiri konse, pamasewero a Tunisia ndi Mali. Tunisia inadandaula, koma zotsatira zinakhala zomwezo, Mali inapambana 1-0.

Lachiwiri ndi kupotoza lamulo lenilenilo. Apa woimbira waona bwinobwino chimene chachitika koma wapereka chilango chimene lamulo silinena. Mwachitsanzo, kuimbira ofusayidi mwana amene walandira mpira kuchokera pa kona, pa mpira woponya ndi manja kapena pa golokiki, pamene Lamulo 11 likuti pamenepo palibe ofusayidi. Kapena kupatsa mwana mmodzi khadi yachikasu kawiri n'kumusiya m'bwalo. Ichi ndiye chimene dandaulo lingaphule nacho kanthu. Mu 2005 bungwe la FIFA linalamula kuti masewero a Uzbekistan ndi Bahrain abwerezedwe, chifukwa woimbira atakana chigoli cha penate poti mnzake wa womenyayo analowa msanga m'bokosi, anapereka mpira kwa Bahrain m'malo molamula kuti penateyo imenyedwenso.

Lachitatu ndi khalidwe loipa: kulandira ndalama, kufika pabwalo ataledzera, kutukwana mwana, kumuopseza, kumukankha kapena kumumenya, kufunsira atsikana a m'timu. Izi zimachitikadi. Joseph Lamptey wa ku Ghana anapatsa South Africa penate yabodza pamasewero ake ndi Senegal mu Novembala 2016, ndipo FIFA inamuletsa kuimbira moyo wake wonse, masewerowo n'kubwerezedwa. Kuno kwathu mu 2017 oimbira anayi analetsedwa moyo wonse pa nkhani ya ziphuphu pamasewero a chikho a Nchalo United ndi Chitipa United.

Mukasakaniza magulu atatuwa mumadzipweteka nokha. Mphunzitsi amene amakuwa kuti "wadya ndalama" pa faulo iliyonse, tsiku limene woimbira adzamenyedi mwana palibe adzamumvere.

2. Konzani zinthu tsiku la masewero lisanafike

Pezani malamulo a mpikisano wanu olembedwa, muwawerenge. Ngati ndi ligi ya pansi pa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'Malawi muno, kudzera ku Central Region Football Association kapena ku National Youth Football Association, kapena ndi masewero a sukulu a MASSA, bungwe la masewero a m'sukulu, funsani alembi akupatseni. Ngati ndi bonanza ya m'dera imene wakonza ndi munthu wamalonda, mpingo kapena wandale, umirirani kuti pamsonkhano woyamba zinthu zinayi zilembedwe papepala ndipo matimu onse asayine: amene asankhe oimbira, amene awalipire, kumene dandaulo lipite, ndi nthawi imene dandaulo liyenera kufika.

Nkhani ya malipiro ndi imene imabala mikangano yambiri. Timu ya pakhomo ikamapatsa woimbira ndalama kuseri, ngakhale ndalamayo ili yoyenera ndithu ya thiransipoti, alendo akagonja adzanena kuti woimbirayo anagulidwa. Ndalama ya woimbira idutse kwa okonza mpikisano. Zikakanika, matimu onse awiri asonkhe mofanana ndi kupereka poyera masewero asanayambe, kuti woimbira asamaimbire akuganiza ngati alipidwe ndi timu imene yagonja.

Mukamva kuti woimbira ndi malume wa wosewera wa timu inayo, kapena amaphunzitsa nawo timuyo, nenani mpira usanayambe. Chimodzimodzi ngati akununkha mowa. Itanani mphunzitsi mnzanu ndi woimira okonza mpikisano, mukambirane pambali ana asakumva. Kunena izi mutagonja 2-0 kulibe mphamvu.

3. Aphunzitseni ana polankhulira

Ana ambiri amene amalandira makhadi chifukwa cha pakamwa sanauzidwepo kuti lamulo likuti chiyani. Auzeni momveka. Lamulo 12 likuti kutsutsa chigamulo ndi mawu kapena ndi zochita, monga kuwomba m'manja monyoza kapena kumenyetsa mpira pansi, ndi khadi yachikasu. Kutukwana kapena kunyoza ndi khadi yofiira. Woimbira akhale walakwa chotani, mwana amene watukwana watuluka basi, ndipo timu ikatsala ndi osewera osakwana 7 masewero sapitirira.

Sankhani kaputeni wodekha. Aphunzitsi ambiri amapereka lamba wa ukaputeni kwa mwana wogoletsa kwambiri, koma pa nkhani iyi mukufunika mwana amene mtima wake sukwera msanga. Malamulo sapatsa kaputeni ufulu wotsutsa woimbira, amangomupatsa udindo pa khalidwe la anzake. Komabe pa mpikisano wa Euro 2024 anatsata njira yoti kaputeni yekha ndiye aziyandikira woimbira pa zigamulo zikuluzikulu, ndipo IFAB inalola kuti mipikisano ina itengere njirayi. Palibe choletsa timu ya ana ya ku Biwi kapena ku Chilinde kudziikira lamulo lomweli.

Muyesere pa tireningi. Inu mukhale woimbira, muimbe dala faulo yolakwika, muone amene alumphe. Kaputeni ayende, asathamange, manja akhale kumbuyo, aime patali pang'ono n'kufunsa kuti, "Pepani a ref, mwaimbira chiyani pamenepa?" Akayankhidwa anene "zikomo" n'kubwerera, ngakhale yankholo lisamukhutiritse. Ena onse abwerere m'malo mwawo. Zigoli zambiri zimalowa nthawi imene otchinga kumbuyo azungulira woimbira timu inayo itamenya kale mpira.

Pemphaninso okonza ligi yanu aganizire za chilango chotulutsa mwana kwa kanthawi. Kuyambira 2017 malamulo amalola njirayi mumpira wa achinyamata: wotsutsa chigamulo amakhala kunja mphindi 10 ngati masewero ndi a mphindi 90, kapena mphindi 8 ngati ndi a mphindi 80, kenako n'kubwerera. Ine ndimaikonda njira iyi chifukwa mwana amapeza mpata woziziritsa mtima popanda kutaya masewero onse, komanso woimbira amakhala ndi china chochita m'malo mothamangira khadi yofiira.

4. Chigamulo choipa chikagwa masewero ali mkati

Ana amayang'ana kubenchi. Inu mukaponya kapu pansi n'kulowa m'bwalo, mwawauza kuti nawonso atero, ndipo ochemerera akumbuyo kwanu amayamba kufunafuna miyala. Khalani kunja kwa mzere. Kuyambira 2019 woimbira ali ndi mphamvu yoonetsa khadi mphunzitsi ndi ena a pabenchi, ndipo wina wa pabenchi akatukwana koma osadziwika kuti ndani, khadiyo imagwera mphunzitsi wamkulu.

Tulutsani kope, mulembe mphindi ndi chimene chachitika. Ngati pali kholo limene likujambula pafoni, lipitirize kujambula lili pamalo pake. Musathamangire m'bwalo ndi foni kuti woimbira aone kanema, lamulo silimulola kusintha chigamulo potengera kanema wa pafoni yanu.

Mwana amene mwaona kuti wapsa mtima, akunjenjemera kapena akulondola woimbira, mutulutseni mulowetse wina. Mukhazikeni pafupi nanu, mumupatse madzi, mumuuze kuti, "Ndaona zimene zachitika, zisiye m'manja mwanga." Mwana akadziwa kuti wamkulu waona, mtima wofuna kudzibwezera yekha umachepa.

Pa nthawi yopuma mukhoza kupita kwa woimbira, inu nokha kapena ndi mphunzitsi wa timu inayo, ndi funso limodzi lokha. Lankhulani za chitetezo cha ana: "Achimwene, nambala 4 uja akulowa ndi mapazi onse awiri, chonde muyang'aneni asanathyole mnzake." Mawu otere woimbira amawamva. Mukayamba ndi "mukutibera" watseka makutu.

Musatulutse timu m'bwalo chifukwa cha penate kapena ofusayidi. M'malamulo a FIFA timu yokana kupitiriza masewero imawerengedwa kuti yagonja 3-0, ndipo mipikisano yambiri imatengera zomwezo, mwina n'kuwonjezapo chindapusa. Malizani masewero, mudandaule pambuyo pake.

5. Woimbira akatukwana, akaopseza kapena akamenya mwana

Apa zinthu zasintha, ndipo malangizo oti mudikire wezulo yomaliza sagwiranso ntchito. Wezulo imapatsa munthu mphamvu yoimitsa mpira, yochenjeza ndi yotulutsa wosewera. Simpatsa mphamvu yogwira mwana pakhosi, yomuwomba mbama kapena yomutukwanira amayi ake. Malinga ndi malamulo a dziko lino, kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limamuteteza kulikonse, pabwalo la mpira pomwe.

Choyamba chotsani mwanayo pamalopo. Itanani timu yanu yonse ibwere kubenchi, ikhale pansi. Musabwezere, ndipo muike akuluakulu awiri kapena atatu odziwika m'deralo pakati pa ochemerera ndi woimbira. Ndikudziwa kuti kholo limene laona mwana wake akumenyedwa silimva zoti lidekhe. Koma woimbirayo akangogendedwa, nkhani imene ifike kukomiti ndi kupolisi ndi yoti timu yanu yamenya woimbira, ndipo za mwana uja ziiwalika.

Kenako itanani woimira okonza mpikisano ndi mphunzitsi wa timu inayo. Nenani poyera, mosakuwa, kuti ana anu sapitiriza ndi woimbira ameneyu ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Ngati matimu onse agwirizana pa munthu wina woti amalize kuimbira ndipo okonza avomera, malizani. Ngati ayi, masewero athere pomwepo. Mwina komiti idzakulandani mapointi, koma mphunzitsi sangabweze ana a eni ake kwa munthu amene wangomenya mmodzi wa iwo.

Mwana akavulala, dziwitsani makolo ake nthawi yomweyo. Pitani kupolisi ya pafupi, funsani ofesi ya Victim Support Unit, akupatseni kalata yopita nayo kuchipatala. Zipatala zazing'ono za m'madera monga ku Kawale, Area 18 ndi Area 25 zimathandiza, ndipo kuvulala kwakukulu n'kwa ku Kamuzu Central. Lipoti la dokotala mulisunge, ndi umboni umene palibe angautsutse. Mwana amene wagunda mutu n'kumaona chizungulire kapena kusanza asabwerere m'bwalo tsiku limenelo, zivute zitani.

Pali nkhanza ina imene sichitikira pamaso pa anthu: woimbira wopempha nambala ya foni kwa mtsikana wa m'timu, womulonjeza kuti amulumikiza ndi timu yaikulu, womuitanira kumbali. Mwana akakuuzani zotere, mvetserani mpaka amalize, musamufunse kuti "iwe unatani", ndipo musamukumanitse ndi munthuyo kuti ayankhane. Musamalize nkhaniyi ndi kupepesana kwa akuluakulu. Uzani makolo, pitani kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. FIFA inakhazikitsa ndondomeko ya FIFA Guardians mu 2019 pofuna kuteteza ana mumpira, choncho mabungwe a mpira sangakuuzeni kuti nkhaniyi si yawo.

6. Wezulo yomaliza ikalira

Ana apereke moni kwa anzawo ndi kwa woimbira, kenako achoke pabwalo pamodzi. Wamkulu mmodzi wa timu yanu aperekeze woimbira mpaka atakwera njinga kapena minibasi, ngakhale mwamukwiyira. Oimbira ambiri a mpira wa ana ndi anyamata ndi atsikana ongoyamba kumene, ena sanakwanitse n'komwe zaka 18.

Musanabalalike lembani mayina a anthu awiri kapena atatu amene aona zonse. Mboni yochokera kutimu inayo kapena munthu wosakhala mbali iliyonse imalemera kuposa makolo khumi a timu yanu. Ngati pali pepala la masewero loti musayine, lembanipo kuti mudandaula.

7. Lembani dandaulo tsiku lomwelo

Madandaulo ambiri amafa chifukwa chochedwa. M'mipikisano ya World Cup dandaulo limayenera kuperekedwa molemba pasanathe maola 2 masewero atatha, ndipo lipoti lonse pasanathe maola 24. Ligi yanu ili ndi nthawi yakeyake, mwinanso ndi ndalama yolipira podandaula, n'chifukwa chake ndinati muwerengeretu malamulo. Kumbukiraninso kuti woimbira naye amalemba lipoti lake, ndipo komiti ikalandira lake lokha, imagamula potengera lomwelo.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba lembani tsiku, bwalo, matimu, msinkhu wa osewera ndi zotsatira. Kenako fotokozani zimene zinachitika motsatana, ndi mphindi zake. Lembani zimene maso anaona ndi zimene makutu anamva. Chiganizo choti "woimbira anali wokondera ndi wamwano" sichithandiza komiti. Chothandiza ndi ichi: "Pa mphindi ya 63 wosewera wathu wovala nambala 8 anafunsa chifukwa cha faulo. Woimbira anamugwira jezi pakhosi n'kumukankha, mwanayo anagwa chagada." Ngati panali mawu otukwana, alembeni momwe ananenedwera, ngakhale ndi ochititsa manyazi. Ngati ndi lamulo limene lapotozedwa, tchulani nambala yake.

Musabise zolakwa za mbali yanu. Ngati mwana wanu ndiye anayamba kutukwana, lembani, ndipo munene chilango chimene timu yamupatsa. Komiti idzazimva ndithu kuchokera kwina, ndipo ikapeza kuti munabisa, idzakayikira kalata yonse. Nkhani ya ziphuphu muitchule pokhapokha muli ndi umboni, monga uthenga wa pafoni kapena munthu amene anaona ndalama ikuperekedwa ndipo ndi wokonzeka kuima pamaso pa komiti. Kunamizira munthu katangale popanda umboni kungakubwerereni.

Pomaliza nenani chimene mukupempha: kuti masewero abwerezedwe, kuti khadi ya mwana iunikidwenso, kuti woimbirayo asapatsidwenso masewero a ana, kapena kuti akaphunzitsidwenso. Sayinani, mupange makope awiri, wolandira asayine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Mukatumiza pa WhatsApp, jambulani chithunzi chosonyeza kuti uthenga wafika.

Kanema uja apite kukomiti kapena kupolisi. Musamuponye pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Muli nkhope za ana a eni ake, ndipo mwana amene wamenyedwa pagulu safuna kuti kusukulu kwawo konse amuonere akugwa. Komanso anthu akangodziwa kumene woimbirayo amakhala, mwayatsa moto umene simungauzime.

8. Kambiranani ndi ana, ndipo londolani nkhaniyo

Pa tireningi yotsatira khalani nawo pansi. Auzeni zoona: ngati woimbira analakwa, vomerezani kuti analakwa, ndipo muwauze kuti kalata yapita. Musawanamize kuti zonse zinali bwino, anaona okha. Koma musalolenso kuti kugonja konse akukankhire kwa woimbira, onani nawo mipata imene anaphonya ndi malo amene anasiya osatchinga. Mwana amene anamenyedwa kapena kutukwanidwa mucheze naye payekha, kholo lake lilipo, ndipo akafuna kupuma sabata imodzi kapena ziwiri mulekeni apume, malo ake m'timu muwasunge.

Pakatha sabata musanayankhidwe, pitani kwa alembi a ligi ndi kope lanu lija. Akapanda kuchitapo kanthu, kwerani pamwamba: kuchoka kukomiti ya m'dera kupita ku bungwe la m'chigawo chapakati, kenako ku FAM. Ngati ndi masewero a sukulu, dutsirani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu. Mukamva kuti matimu ena anakumana ndi zomwezo kwa munthu yemweyo, aliyense alembe kalata yakeyake, chifukwa makalata atatu ochokera kumatimu atatu savuta kuwakhulupirira.

Ndipo m'timu mwanu momwemo yang'anani mnyamata kapena mtsikana wa mutu wozizira amene amakonda malamulo a mpira, mumulembetse maphunziro a oimbira FAM ikalengeza. Bernadettar Kwimbira, mayi wa kuno ku Malawi, anafika pokhala wothandiza woimbira pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019. Pamene mukudikira maphunzirowo, mpatseni wezulo pa tireningi aziimbira anzake, inu muli pambali kumuwongolera.